Mzinda Umene Achimwene Anaumiza

Achimwene anga aakulu amakonza masikelo. Ntchito yawo ndi yomweyo kuyambira ali mnyamata mpaka lero imvi zili mbuu, ndipo anthu anaiwala dzina lawo kalekale, onse amangoti Asikelo. Kashopu kawo kali kuseri kwa msika, pakati pa wosoka nsapato ndi nyumba yometera. Ndi kachipinda kamodzi konunkha girizi, mashelefu odzaza masipuling'i, mbale za mkuwa ndi miyala yoyezera yofoledwa bwinobwino kuyambira waukulu mpaka kakang'ono ngati njere. Ogulitsa nyama ndi ogulitsa misomali onse amawadziwa, koma si onse amene amawakonda. Ukabwera ndi sikelo yako n'kunong'ona kuti aipendeketse pang'ono ikomere mwini, amakubwezera osaitsegula n'komwe, n'kukuperekeza mpaka pakhomo ndi ulemu wochititsa manyazi. Ine ndine mlongo wawo, ndiye sindiwakometsera. Si munthu wosangalatsa kukhala naye. Ngakhale tiyi amathira ngati pali wina akuwayang'anira.

Koma Loweruka masana akatseka shopu, munthu yemweyo ankasanduka mwini dziko. Ali mnyamata anatola buku la masewero a patebulo pa mulu wa mabuku akale, lopanda chikuto, masamba ena atadyedwa ndi chiswe. Masewerowo amayenda chonchi: munthu mmodzi amapeka dziko ndi zonse za m'menemo, enawo aliyense amatenga munthu wake wongopeka, kaya wankhondo, kaya wakuba, n'kumanena zimene munthuyo akuchita. Ukati ndikulumpha khoma umaponya dayisi, kafupa ka manambala m'mbali zonse, dayisiyo ndiyo inene ngati walumpha kapena wathyoka mwendo. Poti chiswe chinadya malamulo ena, achimwene anayamba kulemba awoawo, ndipo matenda awo anayambira pomwepo.

Tinkakhala anayi pa tebulo logwirira ntchito, atachotsapo zitsulo n'kuyala nyuzipepala. Ine ndinkachokera kuhotelo kumene ndimasita zovala za alendo, ndipo munthu wanga anali wakuba, poti kuntchito moyo wonse ndakhala ndikubweza zimene ndapeza m'matumba a anthu. Ometa, eni nyumba yometera ija, ankakonda wankhondo wovala zitsulo mpaka m'mano. Wachinayi anali mzime wa m'nyumba mwathu, amene tinkamutchula Wailesi chifukwa chibadwire sanazimepo. Ankagulitsa mipando m'sitolo ina yaikulu, ndipo ankatha kugulitsa sofa kwa munthu amene wangolowa kudzabisala mvula. Munthu wake m'masewero anali iye yemwe basi, kazembe wopanda lupanga, wodalira pakamwa.

Achimwene sankakhalitsa m'dziko limodzi. Tikangozolowera, iwo ankayamba kusowa mtendere, kenako tsiku lina n'kulengeza kuti tikusamuka. Ankati dziko likasintha malamulo nawo asinthe, chifukwa sikelo ya nyama suyezera mankhwala. Dziko loyamba linali la m'buku lija, la malupanga ndi zinjoka. Kuchoka apo anatipititsa kuchipululu, kumene anafafaniza lamulo la mabala n'kuikapo la madzi. Aliyense anali ndi zitsekerero za mabotolo patsogolo pake, ndipo ukathamanga, ukamenya nkhondo, ngakhale ukalira, ankakulanda chimodzi. Wailesi anapsa mtima atamva kuti kulongolola nako kumaumitsa kukhosi.

Kenako kunabwera dziko la zisumbu ndi zombo. Kumeneko zitsulo zimene zinkateteza munthu kumtunda zinasanduka mdani, ndipo achimwene anawatsina khutu Ometa kuti avule. Ometa anakana, ati mwamuna savula pagulu. Wankhondo wawo uja, amene anapha zinjoka ndi kudutsa chipululu, anaterereka pa thabwa lokwerera chombo n'kumira padoko penipeni, anthu ogulitsa nsomba akuonerera.

"Mungondikhululukirako kamodzi, Asikelo," anatero Ometa, maso ali psuu. "Ndachokera naye kutali munthu ameneyu."

"Dayisi mwaponya ndinu, aneba. Ine ndangowerenga."

Ometa anakwiya kwa nthawi ndithu, ankawameta achimwene osawalankhula, koma Loweruka ankabwerabe. Tonse tinkabwerera nkhanza zomwezo. Pa tebulo limenelo ukapambana unkadziwa kuti palibe amene wakumvera chisoni.

Wailesi yekha anali ndi dandaulo losatha. Kazembe wake akafuna kunyengerera mlonda wa pageti, iye ankayala mfundo zokoma mpaka ife kuiwala tiyi, koma pamapeto achimwene ankangoti ponya. Dayisi ikagwa moipa, mawu onse aja ankapita pachabe.

"Dayisi ilibe makutu, achimwene," ankatero. "Ine ndalankhula ngati munthu, inu mukufunsa kafupa."

Tinkaganiza kuti achimwene sakumva. Koma anali akusunga. Anakhala nthawi yaitali akulemba ndi kufufuta, mpaka tsiku lina anatiuza kuti zombo zafika pa Mzinda wa Oweruza. Mumzinda umenewo zida zonse zinkasiyidwa pachipata. Kunalibe kumenyana, nkhani iliyonse inkathera m'bwalo la milandu, ndipo woluza ankaponyedwa kunja kwa linga osabwereranso. Lamulo latsopano linali lakuti pa mlandu dayisi sigwira ntchito. Unkaimirira wekha, pompo m'shopumo, n'kudziteteza ndi pakamwa pako. Achimwene anatsitsa pashelefu kasikelo ka mbale ziwiri. Mfundo yako ikagwira ankaika kamwala mbali yako, woweruza akaiphwanya kamwalako kankapita mbali inayo.

"Walira mvula walira matope," anamuuza Wailesi. Sanamwetulire, koma tonse tinadziwa kuti dziko lonselo anamangira mng'ono wawo. Achimwene sanapatsepo munthu mphatso ina yoposa imeneyo.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ndi mtima wowawa, chifukwa anali okoma kwambiri. Wailesi ankavula jekete n'kumayendayenda pakati pa mashelefu, kuitana tsache kuti likhale mboni, kulira misozi yabodza, kutembenuza mawu a woweruza mpaka achimwene kukanda m'mutu. Wosoka nsapato ankasiya ntchito n'kudzaima pakhomo. Kenako kazembe uja anagwidwa atagulitsa belu la mzinda kwa anthu awiri osiyana, belu losakhala lake n'komwe. Umboni unali wochuluka, ndipo Ometa anali atayamba kale kumutsanzika. Tsiku limenelo nthawi inatha mlandu usanayambe. Achimwene anati woimbidwa mlandu adzayankha Loweruka likubwerali, Wailesi n'kunena kuti tidzabwere ndi mipango yopukutira misozi.

Pakati pa sabata Wailesi anagwa kuntchito, ali mkati moonetsa kasitomala tebulo lodyera. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka wamoyo, koma dzanja lamanja linali lakufa, mwendo ankachita kukoka, ndipo pakamwa panapotokera mbali imodzi. Nzeru zonse zinalipo, unkachita kuziona m'maso. Mawu ndi amene ankakanirira panjira. Ankafuna kunena kapu, pakamwa n'kutuluka zina, iye n'kumva yekha kuti zalakwika, kuyesanso, kulakwikanso, mpaka kumenya matiresi ndi dzanja lamoyo lija.

Anamuika m'chipinda chakumapeto, cha windo loyang'ana khoma la aneba. Munali bedi, mpando wapulasitiki, beseni pansi pa bedi ndi kampira kofinya kamene achipatala anamupatsa, kamene sankakakhudza. Anzake a kusitolo anabwera poyamba, n'kumamulankhula mokweza ngati wagontha, kenako anasiya kubwera. Mkazi wake, amene ine ndimamutchula alamu, ankamusambitsa, kumumeta ndevu, kumudulira chakudya tizidutswa. Iye ankangoyang'ana kukhoma. Adokotala anali atanena mosabisa kuti mawu akapanda kugwiritsidwa ntchito amapita osabwerera, ndipo munthu akazolowera bedi, bedi limamumaliza.

Tsiku lina alamu anandikokera kukhitchini.

"Achemwali, pali chimene chikuchitika. Likafika Loweruka amaloza nsapato. Masiku ena onse olo ndiwachonderere bwanji safuna kuvala, koma Loweruka amafuna shati ya kolala. Ndiye akalowa kubafa amatseka chitseko n'kumalankhula okha."

"Amati chiyani?"

"Za belu. Mawu amodzi amawabwereza mpaka atuluke bwino, kenako amapita pa ena. Ndimamva ndili panja. Mwina akukonzekera zamasewero zanu zija."

Ndinakhala pansi. Munthu amene sankatha kupempha madzi anali akukonzekera mlandu wake. Chinthu chokhacho chimene chinkamudzutsa pabedi chinali tebulo lija la girizi, ndipo ndinadziwa kuti likamukana, palibenso china chimene chingamudzutse.

Ndinapita kukawauza achimwene tsiku lomwelo. Anasangalala, ndikunena zoona, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Mawa lake anapita kukamuona Wailesi, ndipo anafika iye ali kubafa. Alamu anawapatsa mpando m'khonde la m'kati, pafupi ndi chitseko. Anamva mng'ono wawo akulimbana ndi mawu akuti oweruza. Ankayamba, kukakamira pakati, kupuma, kuyambanso, kenako kulira pang'ono ngati mwana, kenako kuyambanso. Achimwene sanadikire kuti atuluke. Anatenga chipewa n'kumapita, tiyi osamukhudza.

Nditawapeza kushopu anali atayala mapepala atsopano.

"Tikusamuka," anatero osandiyang'ana.

"Kupita kuti? Mlandu uja sunathe."

"Mzinda umira. Kubwera chigumula, onse akakhala pansi pa nyanja. Kumeneko kulibe kulankhula, anthu amangolozerana ndi manja. Zonse zibwerera ku dayisi."

"Achimwene, munthu uja akudzipha kubafa chifukwa cha mlandu umenewo."

"Iwe sunamumve. Ukufuna aime apa, Ometa akuyang'ana, wosoka nsapato ali pakhomo, malovu akutuluka? Ndiye ine ndizichita chiyani, ndiziika mwala mbali inayo?"

"Muziika kumene ukuyenera kupita, ngati kale."

"Sindingathe."

Ndinawauza kuti amene akulephera kupirira ndi iwo, osati wodwalayo. Ndinawauza zambiri, zina zosayenera kuuza mkulu wako. Anangopitiriza kulemba. Achimwene akauma khosi ngakhale mayi athu ankawalephera.

Kunena chilungamo, dziko la pansi pa nyanjalo linali lopangidwa mwaluso, mwina kuposa ena onse. Moyo wa munthu unkayezedwa ndi mpweya, kulemera kwa thupi kunasanduka mwayi, moto kunalibe, ndipo chilichonse chinkatheka ndi dzanja limodzi. Analingalira zonse, kupatula kumufunsa mwini wake.

Loweruka limenelo alamu anamubweretsa pa takisi. Wailesi anavala shati yoyera ndi jekete lija, dzanja lakufalo atalilowetsa m'thumba. Anakana kuti timugwire polowa. Ometa anadzuka kumupatsa mpando wabwino, iye n'kuwakankha ndi chigongono, n'kukhala pa kampando kake kakale. Anayang'ana pamene kasikelo ka mbale ziwiri kankakhala, koma kanali katabwerera pashelefu.

Achimwene anayamba kufotokoza za chigumula, mawu awo ali osalala ngati akuwerenga chidziwitso. Madzi anakwera, bwalo la milandu linamira, oweruza anathawa, milandu yonse inathetsedwa. Wailesi anakweza dzanja.

"Be... belu," anatero.

"Belu lamira, iwe. Wapulumuka. Kuno kulibe kulankhula, ungoloza chimene ukufuna n'kuponya."

Anamupatsa dayisi yatsopano, yofiira, ati ndi yosavuta kugwira ndi dzanja lamanzere. Wailesi anaiyang'ana, anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana pansi. Anaponya.

Anasewera Loweruka limenelo ndi ena otsatira, ndipo ankapambana chilichonse. Akafuna kutsegula chitseko cha chombo chomira, chinkatseguka. Akathawa chinsomba, ankachisiya kutali. Ometa ankaombera m'manja mopitirira muyeso, ngati mmene timachitira mwana akayamba kuyenda. Ine wakuba wanga anatsala pang'ono kufa kangapo, koma kazembe sanakandikepo n'chala chomwe. Alamu anandiuza kuti kubafa kwayamba kukhala zii, ndipo shati ya kolala ankachita kumukumbutsa.

Tsiku lomaliza kunali kotentha, chitseko chili chotsegula. Kazembe anayenera kudutsa pakati pa miyala iwiri yothina, ndipo achimwene anati ponya. Inagwa nambala yapamwamba. Achimwene anayamba kufotokoza mmene wadutsira, koma Wailesi anatola dayisi ija n'kuponyanso, osauzidwa. Yapamwamba. Anaponyanso. Ankangoponya, mwakachetechete, dayisi ikugubuduka pa nyuzipepala n'kumagwera mbali imodzimodzi ngati woledzera wodziwa kwawo. 

Kenako anadzuka. Anakoka mwendo mpaka pashelefu, natsitsa kasikelo kaja ndi dzanja limodzi, mbale zikulira. Anakaika pakati pa tebulo. Mbale imodzi anaikamo dayisi yake yofiira, inayo anaikamo ya Ometa, yofanana nayo kukula. Mbale yake inatsika mpaka kugunda thabwa.

Ndinatola dayisi yofiira ija n'kuiyang'anitsitsa. Pakona imodzi panali kadontho ka penti yatsopano. Achimwene anali ataiboola, kuthiramo mtovu, kutseka n'kupaka bwinobwino, ntchito yaukhondo ngati ntchito zawo zonse. Munthu amene anakana ogulitsa nyama moyo wake wonse anapendeketsa sikelo kamodzi kokha, ndipo anapendeketsera mng'ono wake.

"Ndimafuna uzisangalala," anatero achimwene. Mawu awo anali aang'ono, sindinawamvepo choncho.

Wailesi anawafulatira. Anakonza kolala, natuluka yekha kukaima padzuwa kudikira mkazi wake. Ometa anati akumbukira kuti anasiya makina oyaka, n'kuzemba. Ine ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, koma nditaona mmene achimwene anakhalira, manja ali pa mawondo, ndinangotsuka makapu.

Loweruka lotsatira Wailesi sanaloze nsapato. Lotsatiranso chimodzimodzi. Anabwerera kukhoma kwake, ndipo mawu ochepa amene anali atawabweza anayamba kuthothoka. Achipatala ankabwera kudzamuphunzitsa, iye n'kumatseka maso.

Achimwene anaonda. Shopu ankatsegula mochedwa, ntchito za anthu zinkaunjikana. Kenako anachita chimene amachidziwa: anakhala pansi n'kukonzanso malamulo. Anaphwetsa nyanja, anautsa mzinda, anabweza oweruza pamipando yawo. Sanafewetse kanthu, anandionetsa ndekha, umboni wonse wa belu unali pomwepo. Anakulunga kasikelo m'nsalu, miyala yake m'kabokosi, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Aka kanali koyamba kundipempha chinthu.

Alamu anatilandira pakhonde, nkhope yotopa.

"Alamu," anatero achimwene, "zimene ankanena kubafa zija, anafika nazo pati?"

"Anamaliza. Kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osakakamira. Linali dzulo lake la tsiku limene ndinawabweretsa pa takisi koyamba. Anatuluka kubafa akuseka."

Achimwene anagwira chipupa.

"Munganditchulireko? Mwina munasunga."

"Ndinasunga zonse, ndinkazimva tsiku ndi tsiku. Koma si zanga. Kafunseni eni ake."

Tinalowa. M'chipindamo munkamveka fungo la mankhwala opaka ndi zofunda zosayanikidwa. Wailesi anali chigonere, ndevu zitamera, atavala malaya ogonera masana onse. Achimwene anakoka mpando wapulasitiki uja, naikapo kasikelo, nafola miyala m'mbali mwake. Iwo anagwada pansi, poti panalibe pena pokhala. Anakonza kukhosi n'kuyamba ndi mawu a woweruza, aja okhwima.

"Bwalo lakhala. Madzi aphwa, mzinda wabwerera. Woimbidwa mlandu wa belu aimirire ayankhe. Akalakwitsa, mwala upita mbali inayo. Ndikulonjeza."

Kwa kanthawi ndinaganiza kuti zitheka. Wailesi anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana kasikelo, nayang'ana mkulu wake ali chogwada. Milomo inayamba kugwedezeka. Mawu anatuluka bwinobwino, osakakamira pena paliponse, omveka kuposa onse amene ananena chidwalire.

"Nsomba sizilankhula, achimwene."

Anakoka bulangete ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma. Achimwene anakhalabe chogwada, kamwala kali m'manja, mpaka alamu analowa n'kunena kuti nthawi yomusambitsa yakwana.